Chikomekome cha Nkhuyu: Okonda Ufulu Kwao, Oyamika Nkhanza kwa Eni

Munthu akaima pa msika wa Songani m'mawa dzuwa lisanakwere, kumbuyo kwake kumakhala mapiri a Zomba ndi Malosa, ndipo kutsogolo kwake chigwa chimatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika ku nyanja ya Chilwa. M'chigwa chimenecho ndimo mumachokera mpunga wa ku Domasi, ndiponso matemba ndi milamba imene ogulitsa nsomba amakwera nayo pa njinga. Tsidya lija la nyanja ndi dziko la Mozambique, boma la Mecanhelas m'chigawo cha Niassa. Chakumwera pang'ono, m'chigwa chomwecho, kuli malo otchedwa Mikuyu. Malo awiriwa, Mikuyu ndi tsidya la nyanja, angathandize anthu a dziko lino kumvetsa nkhani ina imene yakhala ikukanganitsa anthu ophunzira ku Ulaya ndi ku America.

Nkhaniyo ndi iyi. M'maiko a Azungu, makamaka ku America, muli anthu amene amadzitcha ma libertarian, ndiye kuti okonda ufulu koposa china chilichonse. Chiphunzitso chao n'chakuti boma liyenera kukhala laling'ono ndi lofatsa. Lisamapise m'thumba la munthu ndi misonkho yambiri, lisamamuuze choti alime, choti awerenge kapena choti alankhule, ndipo lisamatumize ana a eni ku nkhondo zakutali. Womva chiphunzitso chotere angayembekeze kuti anthu amenewa ndiwo akhala oyamba kudzudzula wolamulira wankhanza aliyense, kaya akhale kuti. Koma chodabwitsa n'chakuti ena mwa iwo, osati onse ai, akhala akuikira kumbuyo zochita za boma la Russia pansi pa Vladimir Putin, ngakhale pamene bomalo latumiza asilikali kukalanda malo a maiko oyandikana nalo.

Zochita za boma limeneli si zobisika. Putin anasankhidwa kukhala pulezidenti m'chaka cha 2000. Mu 2008 asilikali a Russia analowa m'dziko la Georgia. Mu Malichi 2014 Russia inalanda chigawo cha Crimea m'manja mwa Ukraine, ndipo pa 24 Febuluwale 2022 inathira nkhondo yaikulu dziko lonselo. Kwao komweko, mtolankhani Anna Politkovskaya anaomberedwa mu 2006, mtsogoleri wotsutsa boma Boris Nemtsov anaphedwa pafupi ndi Kremlin mu 2015, ndipo Alexei Navalny anafera m'ndende mu Febuluwale 2024. Mu Malichi 2022 kunakhazikitsidwa lamulo lakuti wonena za asilikali zimene boma likuti n'zabodza angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 15. Limeneli si boma laling'ono, ndipo si lofatsa.

Komabe pamene Crimea inalandidwa, Ron Paul, phungu wakale wa ku Texas amene anaimira chipani cha Libertarian pa chisankho cha pulezidenti mu 1988, analemba ndi kulankhula kuti anthu a ku Crimea angodzisankhira okha kumene afuna kukhala, ndipo palibe chodandaulitsa. Sanalabadire kuti votiyo inachitika mothamanga, asilikali a Russia ali ndi mfuti m'miseu. Achinyamata a chiphunzitso chomwecho a kum'mawa kwa Ulaya, amene makolo ao anaulawa ulamuliro wa Moscow, anamutsutsa poyera. Mkangano umenewo unabukanso mu 2022.

Kungakhale kupanda chilungamo kunena kuti anthu amenewa alibe mfundo. Iwo amakumbutsa kuti mu 2003 America inathira nkhondo dziko la Iraq ponena kuti kuli zida zoopsa zimene sizinapezeke, ndipo anthu osawerengeka anafa. Amakumbutsa za Libya, imene inasanduka bwinja la nkhondo chichokereni mu 2011. Amatinso bungwe la nkhondo la NATO lakhala likusendera kufupi ndi malire a Russia, ndipo dziko lililonse lalikulu likadada nazo nkhawa. Zambiri mwa izi n'zoona. Vuto limayamba pamene munthu wachoka pa mau akuti boma lake lisapite ku nkhondo, n'kufika pa mau akuti boma lina lachita bwino kupita ku nkhondo. Mau awiriwa amaoneka ngati apachibale, koma si a bere limodzi.

Maganizo otere sanayambe ndi Putin. Mu 1973 Murray Rothbard, mmodzi wa aphunzitsi akuluakulu a gululi, anatulutsa buku lotchedwa For a New Liberty. M'bukumo anati Soviet Union, ngakhale inali yankhanza kwa anthu ake, pa nkhani za kunja inkangodziteteza, ndipo woputa nkhondo weniweni anali America. Ankanena zimenezi akasinja a Moscow atapondereza kale anthu a ku Hungary mu 1956 ndi a ku Czechoslovakia mu 1968. Chidani chake pa boma la kwao chinakula kotero kuti mdani wa bomalo anayamba kumuonekera wosalakwa.

Wofuna kuona kumene maganizo otere amathera sayenera kupita ku Crimea. Angoyenda mtunda wochepa kuchoka pa Songani, chifukwa dziko lino linakhalapo kale mbali inayo ya nkhani yomweyi: linali dziko limene nkhanza zake zinkayamikiridwa ndi okonda ufulu a kutali.

Pamene Malawi inalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, dziko lapansi linali logawikana pawiri. Uku kunali America ndi anzake, uko Soviet Union ndi anzake, ndipo mbali iliyonse inkasaka abwenzi mu Africa. Dr Hastings Kamuzu Banda anasankha mbali yake mosabisa. Anadana ndi chikomyunizimu, anapalana ubwenzi ndi Taiwan m'malo mwa China, ndipo mu 1967 anakhazikitsa ubale waukazembe ndi boma latsankho la South Africa, limene pambuyo pake linapereka ngongole yoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe. Kaamba ka zimenezi ambiri m'maiko a Azungu anamuona ngati mzati wa ufulu m'chigawo chimene chikomyunizimu chinkafalikira. Ankayamikira bata, minda ya fodya ndi tiyi, mizinda yosesedwa bwino, ndi mtsogoleri wovala suti ya ku London amene ankalankhula zokomera malonda.

Koma paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi imene alendo ankayamikira ufulu wa malonda, mai wopita ku msika ngati wa Songani ankaimitsidwa pa chipata ndi anyamata a chipani ovala malaya ofiira kuti aonetse khadi. Wopanda khadi sankagula, sankagulitsa, ndipo nthawi zina sankakwera ngakhale basi. Mlimi wamng'ono ankagulitsa mbeu zake ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, ndipo mpaka chaka cha 1990 lamulo silinkamulola kulima fodya wa bale, amene anasiyidwira eni maesiteti. Lamulo la 1966 linkalola boma kulanda katundu wa munthu popanda kupita ku khoti. La 1968 linakhazikitsa bungwe loletsa mabuku ndi mafilimu, ndipo la 1973 linafika mpaka poyeza kutalika kwa diresi la mkazi. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri za iwo zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zao zitatenthedwa chifukwa chokana kugula khadi. Zinthu zonse zimene wokonda ufulu amati amadana nazo zinali pano, poyerayera.

Ndende ya Mikuyu inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kuti muzisungidwa anthu ogwidwa pa zifukwa za ndale, amene sankazengedwa mlandu ndiponso sankauzidwa tsiku lotuluka. Munalowa atolankhani, ogwira ntchito m'boma ndi aphunzitsi a pa Chancellor College. Machipisa Munthali anakhala m'ndende zaka 27, zina mwa izo ku Mikuyu. Aleke Banda, amene kale anali nduna yokondedwa, anatsekeredwa mu 1980 natuluka mu 1992. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa ku Zomba, anagonekedwa ku Mikuyu, ndipo tsiku lotsatira anakaphedwa ku Mwanza. Boma linalengeza kuti afa pa ngozi ya galimoto. Pasanathe zaka ziwiri, mu Epulo 1985, Dr Banda analandiridwa ku Britain ndi ulemu wonse wa mlendo wa Mfumukazi. Mu Sepitembala 1987 mlakatuli Jack Mapanje anagwidwa ku Zomba, ndipo pamene Margaret Thatcher, mtsogoleri wotchuka ndi kulalikira ufulu wa munthu ndi wa malonda, anadzacheza kuno mu Malichi 1989, Mapanje anali akadali ku Mikuyu. Anatuluka mu Meyi 1991 osaonekerapo m'khoti.

Tsono chinachitika n'chiyani kuti abwenzi aja asinthe mtima? Khoma la ku Berlin linagwa mu Novembala 1989, ndipo Soviet Union inatha mu Disembala 1991. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, anthu anayamba kulankhula, ndipo mu Meyi chaka chomwecho maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, anaimika thandizo lao lachitukuko mpaka ufulu wa anthu utalemekezedwa. Chiganizocho chinathandiza kuti pakhale riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo n'choyenera kuchiyamika. Koma nkhanza zimene anaimikira thandizo mu 1992 ndi zomwezo zimene zinalipo mu 1972 ndi mu 1983. Mikuyu sinasunthe pamalo pake. Chimene chinatha ndi mdani amene ankachititsa kuti Mikuyu isaoneke.

Tsidya lija la nyanja nkhaniyi inali yoopsa koposa, ndipo kumeneko matenda omwewa anagwira anthu a mbali zonse ziwiri. Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975 pansi pa FRELIMO ndi Samora Machel. Mu 1977 chipanicho chinalengeza kuti chikutsata chiphunzitso cha Marx ndi Lenin, ndipo chinasaina pangano laubwenzi ndi Moscow. Boma latsopanoli linatsegula masukulu ndi kufikitsa katemera kumidzi, koma linatsegulanso misasa yoti n'kuphunzitsiramo anthu khalidwe latsopano, ina mwa iyo m'nkhalango za Niassa. Otsutsa ngati Mbusa Uria Simango anaphedwa popanda mlandu kuzengedwa. Mu 1983 anthu zikwizikwi anatoledwa m'mizinda ya Maputo ndi Beira, akuti ndi malova, natayidwa ku Niassa komweko, kumene ambiri anafa ndi njala ndi matenda. Azungu okonda sosholizimu amene anabwera kudzathandiza boma limenelo analemba zambiri zoyamikira masukulu, koma pa za misasa ambiri a iwo anangoti chete. Kwa iwo mdani anali tsankho la South Africa, ndipo wolimbana ndi tsankho sakanalakwa.

Mbali inayo kunali RENAMO. Gulu limeneli linayamba ndi thandizo la akazitape a boma la Azungu la Rhodesia, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, asilikali a South Africa ndiwo analitenga n'kulilera. Linapeza otsatira pakati pa anthu amene FRELIMO inawakhumudwitsa powasamutsira m'midzi yokakamiza ndi ponyoza mafumu ao. Koma kamenyedwe kake kanali kotentha masukulu ndi zipatala, kugwira ana kuti akhale asilikali, ndi kudula anthu makutu ndi milomo. Njanji ya ku Nacala, imene imadutsa pa Nayuchi kumpoto kwa nyanja ya Chilwa, inaleka kuyenda mu 1984, ndipo katundu wa Malawi anayamba kuzungulira njira zakutali pa mtengo wokwera. Mu 1986 nkhondo inakula m'zigawo za Zambezia ndi Tete, tauni ya Milange inagwa, ndipo anthu anayamba kukhamukira kuno kudzera pa Muloza, pa Nayuchi, ku Nsanje ndi ku Dedza. Pofika 1992 othawa nkhondo m'dziko lino anapitirira miliyoni imodzi. Ambiri anali Anyanja, Ayao, Alomwe ndi Asena, olankhula zinenero zomwezi, ndipo ena anangofikira kwa achibale.

Pamene anthu amenewa ankaoloka malire ndi mitolo pamutu, ku Washington kunali anthu amene ankatcha RENAMO omenyera ufulu. Mmodzi wa iwo anali Jack Wheeler, munthu wophunzira za nzeru zakuya amene ankayendera magulu olimbana ndi maboma okondera Moscow m'maiko osiyanasiyana. Mu 1985 analemba nkhani yokomera RENAMO m'magazini ya Reason, imene ndi ya ma libertarian. Bungwe la Heritage Foundation nalonso linkalimbikitsa boma la America kuti lithandize gululi. Mu 1987 phungu Jesse Helms ndi anzake anachedwetsa kwa miyezi yambiri kuvomerezedwa kwa Melissa Wells ngati kazembe wa America ku Maputo, pofuna kukakamiza boma lao kuti liyambe kukambirana ndi RENAMO. M'chaka chomwecho, mwezi wa Julayi, anthu oposa 400 anaphedwa pa Homoine kumwera kwa Mozambique, ena ali gone m'chipatala.

N'koyenera kunena kuti maboma enieni a Azungu sanatsate anthu amenewa. Ronald Reagan analandira Machel ku White House mu 1985, ndipo boma la Thatcher linaphunzitsa asilikali a Mozambique pa Nyanga m'dziko la Zimbabwe. Chimene chinatseka pakamwa oyamika RENAMO chinali chinthu chapafupi. Boma la America linatuma munthu wina dzina lake Robert Gersony kuti akafunse eni ake. Iye anayenda m'misasa ya othawa nkhondo ku Mozambique ndi m'maiko oyandikana nayo, kuphatikizapo Malawi, nakhala pansi ndi anthu pafupifupi 200, mmodzimmodzi. Lipoti lake la mu Epulo 1988 linati RENAMO iyenera kuti inali itapha anthu wamba okwana 100,000. Anthu amene anafunsidwawo sanali akatswiri a ndale za dziko lapansi. Anali alimi ndi amai amene anaona ndi maso ao. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Apa ndi pamene Rothbard ndi Wheeler akumana, ngakhale anali mbali zosiyana. Woyambayo anakhululukira Moscow chifukwa ankadana ndi Washington. Wachiwiriyo anakhululukira RENAMO chifukwa ankadana ndi Moscow. Onse awiri ankalankhula m'dzina la ufulu, ndipo onse awiri anayamba asankha mdani, kenaka n'kuyeza zonse ndi muyeso wa mdaniyo.

Pali munthu mmodzi amene moyo wake umalumikiza nthawi ziwirizi. Dana Rohrabacher ali mnyamata ku California anali mtsogoleri pakati pa achinyamata a libertarian. Pambuyo pake anakhala wolembera Reagan zokalankhula, ndipo anali bwenzi la Wheeler ndi mmodzi wa olimbikitsa kuti America ithandize magulu olimbana ndi Moscow. Mu 1988 anapita yekha ku Afghanistan kukakhala ndi zigawenga zimene zinkamenyana ndi asilikali a Soviet Union. Anakhala phungu wa Nyumba ya Malamulo kuyambira 1989 mpaka 2019. Koma m'zaka zake zomaliza munthu yemweyu anaikira kumbuyo kulandidwa kwa Crimea, mpaka manyuzipepala anayamba kumutcha phungu wapamtima wa Putin. Likulu la Russia linali lomwe lija, ndipo akasinja ake ankaolokabe malire a eni. Chimene chinasintha n'chakuti chikomyunizimu chinatha, ndipo iye anapeza adani ena atsopano amene Russia ikanamuthandiza kulimbana nao.

Kodi chimachititsa n'chiyani kuti munthu wanzeru, wokonda ufulu moona, agwe m'mbuna yotere? Mbiri ya chigwa cha Chilwa ikuonetsa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi mtunda. Boma la kwao munthu amalimva pathupi: limamudula msonkho, limamulembera makalata, limamukwiyitsa tsiku ndi tsiku. Boma lakutali amangoliwerenga m'nyuzipepala. Choncho msonkho wa kwao umamuwawa koposa ndende ya kwa eni. Wokhala ku Texas kapena ku London sankamva kulira kwa ku Mikuyu, monganso samva mabomba a ku Kharkiv.

Chachiwiri ndi ulendo wa mlendo. Mlendo amaonetsedwa zimene mwini nyumba wakonza. Obwera kuno m'masiku aja ankaona amai akuvina pa bwalo la ndege, ankakwera phiri la Zomba, ndipo ankabwerera kwao osadziwa kuti pansi pa phiri lomwelo, m'chigwa chimene ankachiyamikira kukongola, munali anthu ogona pa simenti popanda mlandu. Ocheza kwa RENAMO ankaonetsedwa msasa waudongo ndi asilikali a pa mzere. Ocheza ku Moscow amaonetsedwa miseu yowala ndi matchalitchi okonzedwanso. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma zimene akalemba kwao zimakhala zaka.

Chachitatu, chimenenso ndi chachikulu, ndi kunyada kwa munthu wa dziko lalikulu, amene amaganiza kuti zonse zochitika pansi pano zimayambira kwao. Kwa iye anthu a ku Ukraine sangafune ufulu mwa iwo okha, koma achita kutumidwa ndi America. Momwemonso boma la Dr Banda linkati aliyense wodandaula watumidwa ndi zigawenga zakunja, ndipo abwenzi ake a kunja ankavomereza. Maganizo otere amachotsa eni dziko m'nkhani ya dziko lao lomwe. Amasanduka udzu chabe wa pabwalo pamene njovu zikumenyana, ndipo udzu safunsa maganizo ake.

Nkhaniyi si ya Azungu okha. M'dziko lino namonso, m'mabasi ndi pa mabwalo a bawo, amamveka anthu oyamikira Putin kuti ndiye mwamuna amene waimirira Azungu. Chifukwa chake n'chomveka. Mabala a utsamunda sanapole, ndipo n'zoona kuti Soviet Union inathandiza FRELIMO, ANC ndi magulu ena omenyera ufulu pa nthawi imene maiko a Azungu ankagulitsana malonda ndi boma latsankho. N'zoonanso kuti mu Malichi 2023 kampani ya ku Russia inapereka kwa Malawi mphatso ya feteleza wokwana matani 20,000. Koma nkhondo yomweyo ndiyo inathandiza kukweza mtengo wa feteleza ndi mafuta mu 2022, ndipo mlimi wa ku Songani anaumva. Mu Sepitembala chaka chimenecho wophunzira wina wa ku Zambia, amene anali m'ndende ku Russia, anafera ku nkhondo ya ku Ukraine atatengedwa m'ndendemo ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner. Ubwenzi wa maiko aakulu uli ndi mtengo wake, ndipo kawirikawiri wolipira ndi mwana wa munthu wamba.

Palinso nkhani ya malire, imene dziko laling'ono silingaitenge mwachibwana. Russia inati ikulowa mu Ukraine pofuna kuteteza olankhula chinenero chake, ndiponso chifukwa malowo kale anali ake. Mfundo imeneyi itati igwire ntchito kuno, palibe malire amene angatsale. Achewa ali ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Ayao ndi Alomwe ali mbali zonse ziwiri za nyanja ya Chilwa. Dr Banda yemwe mu 1968 ananenapo kuti madera ena a maiko oyandikana nafe ndi a Malawi chifukwa cha ufumu wakale wa Maravi, ndipo mau amenewo anautsa mkwiyo ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam. N'chifukwa chake atsogoleri a Africa, atakumana ku Cairo mu 1964, anagwirizana kulemekeza malire amene anawapeza, ngakhale anajambulidwa ndi atsamunda. Pa 2 Malichi 2022, pamene maiko 141 a m'bungwe la United Nations anavota kudzudzula kulowa kwa Russia mu Ukraine, Malawi ndi Zambia anali m'gulu limenelo, pamene Mozambique, Tanzania, Zimbabwe ndi South Africa sanavotere mbali iliyonse.

Mbiri yomweyi ikuonetsanso kuti njira ina inalipo. M'zaka zimene akuluakulu a maiko ankagwirana chanza ndi Dr Banda, kunali anthu wamba ku Scotland, ku England ndi kwina amene ankalemba makalata ofunsa za Orton ndi Vera Chirwa, amene anagwidwa mu Disembala 1981. Bungwe la Amnesty International ndi bungwe la alembi la PEN sanatope kutchula dzina la Mapanje. Mu 1990 bungwe la Africa Watch linatulutsa lipoti lofotokoza za ndende za dziko lino. Anthu amenewa sanayambe afunsa ngati Malawi ili mbali ya America kapena ya Moscow. Anafunsa funso limodzi lokha: kodi m'ndendemo muli yani, ndipo walakwanji? Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, koma mkazi wake anatuluka mu Januwale 1993, ndipo ambiri amene anatuluka amoyo anachitira umboni kuti makalata aja ndiwo anachititsa kuti asaiwalike.

Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo othawa aja anabwerera kwao, ena natsala kuno pa ukwati. Mu 1994 boma latsopano la Bakili Muluzi linalamula kuti ndende za andale za Mikuyu ndi Dzaleka zitsekedwe, ndipo Dzaleka inasanduka msasa wa othawa nkhondo a maiko ena. Pa msika wa Songani palibenso wofunsa khadi pa chipata. Koma akadalipo amai ndi abambo amene anaimitsidwapo pa chipata chotere, ndi ena amene anaoloka malire usiku ali ana, atabelekedwa kumbuyo. Iwowa akamva munthu wa kutali akuyamikira wolamulira wamphamvu wa dziko lina, ali ndi ufulu womufunsa ngati iyeyo angalole kukhala pansi pa ulamuliro umenewo ngakhale chaka chimodzi, ndiponso ngati anayamba wafunsapo amene akukhala pansi pake. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa kwa Mmalawi woyamikira Moscow, monganso kwa Mmalawi woyamikira Washington. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.